Bala Lili M'mutu, Wolira Ndi Mtima

M'chaka cha 1960, madokotala awiri a ku Canada, Cropp ndi Manning, analemba za odwala 29 amene magazi anawatayikira mozungulira ubongo. Nkhani ya mmodzi mwa odwalawo imandiwawa nthawi zonse ndikaikumbukira. Madokotala anali atakonza zomuchita opaleshoni kuti akatseke mtsempha wa m'mutu umene unaphulika. Atamuyeza mtima ndi makina a ECG, mizere ya papepala inaonetsa zimene dokotala aliyense wa nthawiyo akanazitcha nthenda yoopsa ya mtima, ija imabwera mtsempha wodyetsa mtima ukatsekeka. Munthu wotere samugoneka tulo pa tebulo la opaleshoni mwachisawawa. Anaimitsa kaye opaleshoniyo kuti mtima ukhazikike. Ali mkati modikira, mtsempha wa m'mutu uja unaphulikanso, wodwalayo n'kumwalira. Atapima mtembo, anapeza mtima ulibe chilema chooneka.

Sindiwaimba mlandu madokotala amenewo. Pepala la ECG silinaname, mtimawo unalidi pamavuto. Chimene pepala silikanatha kunena ndi kumene mavutowo ankachokera. Mu 1954, George Burch ndi anzake awiri ku New Orleans anali atafotokoza kale za odwala 17 a sitiroko amene mizere yawo ya mtima inali yachilendo, ndipo 14 mwa iwo anapezeka ndi magazi m'madzi a pamsana. Koma nzeru yatsopano imachedwa kufika pambali pa bedi la wodwala, ndipo imeneyi inali yovuta kuikhulupirira: munthu wavulala m'mutu, chizindikiro n'kuonekera pachifuwa.

Ine si dokotala. Ndimaphunzitsa Biology kusekondale, ndipo chaka ndi chaka ndimajambula pa bolodi impso ziwiri ndi tiziwalo tokhala pamwamba pake, timene timatulutsa adrenaline. Ana ndimawauza kuti ameneyu ndi bwenzi la patsoka. Ukakumana ndi galu wachiwewe, ndiye amathamangitsa mtima, kukweza shuga m'magazi, ndi kukankhira magazi ku minofu ya miyendo kuti uthawe kapena ulimbane. Zimenezi n'zoona. Mbali ina ya bwenzi limeneli ndinaiphunzira pa benchi ya chipatala, ndikudwazika azakhali anga.

Azakhaliwo, mlongo wawo wa bambo, anagwa pamjigo m'mawa wina m'nyengo yotentha. Anali atangopopa madzi, n'kuwerama kuti asenze ndowa. Mdzukulu wawo wamkazi, amene ankawasenzetsa, akuti anangomva akukuwa kuti, "Mayo ine mutu! Wandimenya ndani kunkhongoku?" Anacheuka kuti amuone wowamenyayo, ndowa n'kugwa, iwo n'kukhala pansi, kusanza, kenako kukomoka. Atatsitsimuka ankatsinzina, kukana kuwala, ndipo pofika madzulo khosi linali litauma gwa.

Kuchokera pamjigo kukafika kuchipatala chachikulu ndi ulendo wa pakamwa pambiri. Wakabaza anauza amalume, amalume anauza ine pafoni, ine ndinauza anesi. Paja amati kandimverere anakanena za m'maluwa. Pofika kwa adokotala, nkhani yonse inali itafupika n'kukhala mawu awa: mayi wachikulire wa BP wakomoka mwadzidzidzi. Anesi atagwira pamkono anamva mtima ukugunda modumphadumpha. Makina a ECG atabwera, adokotala anationetsa pepalalo. Pamalo pamene mzere umayenera kukwera pang'ono, wa azakhali unkagwa pansi mozama ndi motambalala, kugunda kulikonse. Zonse zinkaloza ku mtima, ndipo mankhwala a nthenda imeneyo ndi odziwika: asipirini ndi mankhwala osungunula magazi.

Adokotalawo, mayi wachitsikana ndithu, anayang'ana pepala lija kanthawi, kenako anatifunsa kuti, "Asanakomoke ananena chiyani? Analipo ndani?" Tinayang'anizana. Mdzukulu uja tinali titamusiya panja ndi katundu, poganiza kuti za m'wodi ndi za akuluakulu. Atamuitana, adokotala anagwada kuti alingane naye msinkhu.

"Tandiuze mwanawe, agogo anati chiyani?"

"Anati wina wawamenya kunkhongo, adokotala. Koma kunalibe munthu."

Adokotala anaika pepala pambali, n'kuuza anesi kuti mankhwala osungunula magazi asayerekeze kuperekedwa, ndipo analemba kalata yoti mutu uunikidwe pa makina a CT. Chithunzi chitatuluka, magazi anaoneka mbee m'mipata ya pansi pa ubongo. Munthu amene mtsempha ukuchucha m'mutu akapatsidwa mankhwala oletsa magazi kuundana, wamuthera yekha moyo. Mawu a mwana wa pulayimale ndiwo anaimitsa jakisoniyo.

Ubongo wakutidwa ndi timakungu titatu. Pakati pa kachiwiri ndi kachitatu pamayenda madzi oyera amene ubongo umayandamamo, ndipo m'mpata womwewo mumadutsa mitsempha ikuluikulu ya magazi, imene imalumikizana mozungulira pansi pa ubongo monga anafotokozera Thomas Willis wa ku Oxford mu 1664. Pamphanda za mitsemphayi khoma limatha kufooka n'kutupa kathumba, kamene madokotala amakatcha aneurysm. Munthu amakhala nako zaka zambiri osadziwa. Tsiku limene kaphulika, magazi amathamangira m'madzi oyera aja. Nthendayi dzina lake la kuchipatala ndi subarachnoid haemorrhage, ndipo ikabwera popanda ngozi yomenyetsa mutu, pafupifupi 85 pa 100 alionse gwero lake ndi kathumba kameneka. Pa sitiroko zonse, ya mtundu uwu ndi pafupifupi 5 pa 100 basi, koma imakonda anthu amene akadali ndi mphamvu, a zaka za m'ma 40 ndi 50, ndiponso akazi kuposa amuna. Ngakhale m'maiko amene ambulansi imafika msanga, odwala 10 mpaka 15 pa 100 amamwalira asanafike pachipata cha chipatala.

Nanga mtima ukulowapo bwanji? Chigaza sichifutukuka. Magazi akatuluka ndi mphamvu ya mtsempha waukulu, kupanikizika kwa m'mutu kumakwera m'kanthawi kochepa mpaka kufika polingana ndi mphamvu imene mtima ukukankhira magazi. Kwa masekondi angapo ubongo sulandira magazi okwanira, n'chifukwa chake munthu amakomoka. Ubongo sukhala chete pa zotere. Harvey Cushing anaonetsa mu 1901 kuti m'mutu mukapanikizika, thupi limakweza BP kuti magazi adutse mokakamiza. Lamulo lake limachokera m'kachigawo kotchedwa hypothalamus ndi kutsinde la ubongo, n'kutsika kudzera m'minyewa imene madokotala amaitcha sympathetic, ija ya nthawi ya ngozi. Tiziwalo ta pamwamba pa impso timakhuthula adrenaline m'magazi. Homoni ina ya nthawi ya nkhawa, cortisol, imakweranso. Shuga wa azakhali anapezeka wokwera, chonsecho matenda a shuga sanadwalepo.

Chimene chinandidabwitsa kwambiri powerenga ndi chakuti chovulaza mtima chenicheni si adrenaline woyenda m'magazi amene ndimaphunzitsa uja, koma mbale wake noradrenaline, amene Ulf von Euler wa ku Sweden anamuzindikira mu 1946 kuti ndiye mthenga wa minyewa imeneyi. Minyewa ya sympathetic imalowa mkati mwenimweni mwa mnofu wa mtima, nsonga zake n'kukhudzana ndi maselo ake. Ubongo ukakuwa, nsonga zimenezi zimathira noradrenaline pomwepo, pa selo penipeni, wochuluka kuposa amene angafike kudzera m'magazi. Mu 1969, Greenhoot ndi Reichenbach anayang'ana pa maikulosikopu mitima ya anthu amene anafa ndi nthendayi, n'kupeza timabala ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, tounjikana pafupi ndi minyewa ya mu mtima. Pa nyama za mu labotale zinaonekanso kuti ngakhale utachotsa tiziwalo ta pa impso tija, timabalato timabwerabe ubongo ukatekesedwa. Ofufuza a ku Gothenburg, motsogozedwa ndi Silvana Naredi, anayeza odwala enieni n'kulengeza mu 2000 kuti m'maola 48 oyamba noradrenaline wotayikira m'magazi amachuluka pafupifupi katatu, ndipo amakhala wokwera choncho kwa masiku 7 mpaka 10.

Selo ya mtima imafinyika kashiamu akalowa mkati mwake, ndipo imamasuka kashiamuyo akatulutsidwa. Noradrenaline ndiye amatsegula makomo a kashiamu. Akachuluka mopyola muyeso, makomo amakhala pululu, kashiamu amasefukira, selo imafinyika osamasukanso mpaka kufa ili chifinyikire. Imfa imeneyi ndi yosiyana ndi ya selo imene yasowa magazi mtsempha utatsekeka, imene imafa ili lefu. Aliyense amene wailesi yake inapsapo magetsi atabwerera ndi mphamvu yopyola amadziwa mtundu wa tsoka limeneli: wailesi inalibe vuto, waya anali wabwino, chinachuluka ndi chomwecho chimene chimaiimbitsa masiku onse. Martin Samuels, dokotala wa ubongo wa ku Boston amene anathera zaka zambiri pa nkhaniyi, ankatsindika kuti timabala timeneti timakonda kukhala kukhoma la mkati la mtima, kufupi ndi njira zimene mphamvu ya magetsi ya mtima imadutsa. N'chifukwa chake kabala kochepa kamatha kusokoneza kagundidwe konse.

Willem Einthoven wa ku Leiden, amene anapanga makina oyamba odalirika a ECG kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 n'kulandira mphoto ya Nobel mu 1924, anapatsa timapiri ndi tizigwa ta mzere wa mtima zilembo P, Q, R, S ndi T. Mtunda wochokera pa Q kufika kumapeto kwa T ndi nthawi imene zipinda zikuluzikulu za mtima zimatenga kuti zigunde ndi kukonzekanso kugunda kwina. Mwa odwala oposa theka a nthendayi, mzere umasintha mwanjira ina. T amatembenuka n'kuzama, monga zinalili ndi azakhali, ndipo mtunda wa QT umatalika. Ena mtima umathamanga, ena umachedwa, ena zipinda zam'mwamba zimangonjenjemera osagunda bwino. Zambiri mwa zimenezi zimatha zokha. Koma mwa odwala ochepa, pafupifupi 5 pa 100, kusokonekerako kumafika poika moyo pachiswe, makamaka m'masiku awiri oyamba.

Choopsa kwambiri ndi chimene François Dessertenne wa ku Paris anafotokoza mu 1966 n'kuchitcha torsades de pointes. Mtunda wa QT ukatalika, kugunda kumodzi kobwera msanga kumagwera pa mtima umene sunamalize kukonzeka, ndipo zipinda zikuluzikulu zimayamba kuthamanga mopanda dongosolo, magazi osapopeka. Nthawi zina zimaleka zokha pakapita masekondi, nthawi zina munthu amatsirizika pomwepo. Apanso adrenaline ali ndi mbali yake, chifukwa amakankhira potaziyamu kuchoka m'magazi kulowa m'maselo, ndipo potaziyamu akachepa m'magazi QT amatalika. Onjezani kusanza, kumene kumataya mchere womwewo. Onjezani mankhwala ena amene nawo amatalikitsa QT, monga kwinini, erythromycin, haloperidol ndi ena oletsa kusanza. Kwathu kuno, kumene mutu, kusanza ndi kukomoka zimayamba zaganiziridwa malungo kapena matenda oumitsa khosi, mndandanda umenewu si wa m'buku chabe.

Pamenepa pali chinthu chimene chimandilimbitsa mtima ndi kundikwiyitsa nthawi imodzi. Zotchinjiriza mtima m'masiku oyambawo si zodula. Kuyeza potaziyamu ndi kumubwezeretsa m'dilipi. Kusankha mankhwala mosamala. Magnesium sulphate, amene amaletsa torsades, ndi yemwe uja amapezeka m'zipinda za amayi oyembekezera pothandiza amene akomoka ndi BP. Chodula ndi maso: makina oonetsa kugunda kwa mtima usana ndi usiku, ndi namwino amene ali ndi odwala ochepa mokwanira kuti awayang'ane. Usiku wina azakhali mtima unawachedwa kwambiri, ndipo amene anathamanga kukaitana anesi anali gadiyani wa pa bedi loyandikana, ataona kuti kapumidwe kasintha. Ndimamuthokoza mayi ameneyo, komabe moyo wa munthu suyenera kudalira kuti mlendo wa pa bedi lina sanagone.

Makina a CT, amene anayamba kuunika odwala ku London mu 1971, amaona magazi amenewa pafupifupi nthawi zonse ngati wodwala wafika m'maola 6 oyamba, koma pakapita masiku magaziwo amazimiririka pachithunzi. Kumene kulibe makinawa, kapena wodwala akafika mochedwa, njira ndi imene anagwiritsa ntchito a Burch: kupopa madzi a pamsana. Ambiri a ife timaiopa singano imeneyi, ndipo ndamvapo abale akukana kwamtuwagalu ati imapha. Imapezeka pafupi ndi imfa chifukwa imabayidwa anthu amene adwala kale kwakayakaya. Madzi ofiira kapena achikasu otuluka pamenepo ndiwo angamuuze dokotala wa kuchipatala cha boma laling'ono kuti vuto si malungo ndiponso si mtima.

Ataunika mtima wa azakhali pa makina oonetsa mmene ukugundira, anapeza mbali ina ya chipinda chachikulu chakumanzere ikungoyenda mwaulesi. Anatiuza kuti mnofuwo sunafe, wangoti kakasi, ndipo mwa odwala ambiri umadzukanso pakapita masiku kapena milungu. Madokotala a ku Japan ndi amene anapatsa dzina mtima wotere. Mu 1990, Hikaru Sato ndi anzake ku Hiroshima anafotokoza odwala amene mtima wawo unkaoneka wotupa kunsi ndi wopanikizika kukhosi, mofanana ndi mphika umene asodzi a kumeneko amakolera nyama ya m'nyanja ya octopus, wotchedwa takotsubo. Chivomezi chitagwedeza dera la Niigata mu 2004, odwala otere anachuluka mwadzidzidzi. Mu 2005, Ilan Wittstein ndi anzake a ku Johns Hopkins analemba za odwala 19, onse akazi kupatula mmodzi, amene mtima unawafooka atalandira uthenga wa maliro kapena atadzidzimuka kwambiri. Mahomoni a ngozi m'magazi mwawo anali ochuluka kawiri kapena katatu kuposa a anthu amene mtsempha wa mtima unatsekekadi, chonsecho mitsempha ya odwala 19 aja inali yotseguka. Pomwe mayi woferedwa amafika kudzera m'chisoni, wodwala ngati azakhali amafikapo kudzera m'magazi otayika. Njira yotsikira ku mtima ndi imodzi.

Wina angafunse kuti ngati mtima umachira wokha, tidandauliranji. Vuto ndi nthawi imene wafookera. Kuyambira pa tsiku la 3 kapena la 4 mpaka la 14, mitsempha ya ubongo imene yaviikidwa m'magazi otayika imayamba kufinyika, ndipo mbali zina za ubongo zimatha kusowa magazi n'kufa. Wodwala amene dzulo amalankhula, lero mkono walemera, mawu asokonekera. Pofuna kuchepetsa ngoziyi amapereka nimodipine maola 4 alionse kwa masiku 21, ndipo zizindikiro zikayamba, m'chipinda cha odwala mwakayakaya amakweza BP dala kuti magazi adutse m'mitsempha yopanikizikayo. Ntchito imeneyo imafuna mtima wamphamvu, pa sabata yomweyo imene mtima wafooka. Ndipo mankhwala amene kawirikawiri amathira m'dilipi kuti BP ikwere ndi noradrenaline yemweyo. Dokotala amakhala pakati pa ziwalo ziwiri, chimene chikuthandiza china chikupweteka chinzake. Mtima ukalephera, madzi amadzaza m'mapapo, mpweya n'kuchepa, ubongo n'kuvutikiranso.

Nzeru yotchinga mahomoniwa inayesedwa kale. Mu 1978, Neil-Dwyer ndi anzake ku England anapatsa odwala ena propranolol ndi phentolamine, mankhwala otseka makomo amene adrenaline ndi noradrenaline amagogoda. Mwa amene anamwalira, olandira mankhwalawo mitima yawo inalibe timabala tija, pamene enawo inali nato. Umboni wake ndi wamphamvu pa funso la chimene chimavulaza mtima. Koma mankhwala omwewo amatsitsa BP, ndipo ubongo umene mitsempha yake ikufinyika sufuna BP yotsika. Mpaka lero saperekedwa kwa wodwala aliyense, dokotala amayeza kaye mbali zonse ziwiri.

Tili kuchipatala, kumudzi nkhani inali itapsa kale. Mawu a azakhali pamjigo aja anamveka kwa amayi onse amene anali pamzere wa madzi, ndipo aliyense ankadziwa tanthauzo lake: amenyedwa hamala. Pofika sabata yachiwiri, wosula hamalayo anali atapezeka, gogo wina wamasiye amene anakanganapo ndi azakhali pa za malire a dimba.

Sindiseka anthu amene amanena za hamala. Pa zonse zimene zinanenedwa za nthenda ya azakhali, mawu amenewo ndiwo anali olondola kuposa onse. Odwala a m'maiko amene sanamvepo za hamala ya afiti amafotokoza chimodzimodzi, kuti anamva ngati amenyedwa kunkhongo, mutu wofika pachimake m'mphindi imodzi, woposa uliwonse umene anaumvapo. Makolo athu anaona bwino, anasunga bwino, ndipo anazindikira kuti mutu umenewu ndi wosiyana ndi litsipa kapena waching'alang'ala, ndiponso kuti umapha. Polakwika ndi pa sitepe yotsatira, pofunafuna dzanja limene lagwira hamalayo. Makina a ECG amaloza mtima, mudzi umaloza gogo, ndipo onse awiri akuloza amene ali pafupi, wooneka ndi maso. Kusiyana kwake n'kwakuti pepala tingalikonze ndi funso limodzi, pamene mphekesera ikagwira moto imatenga moyo. Mu January 2016, ku Neno, okalamba 4 anaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo mphenzi itapha mtsikana. Lamulo loletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti lilipo m'dziko muno kuyambira 1911, koma silinawateteze.

Walter Cannon wa ku Harvard, yemwe anayamba kufotokoza za thupi lokonzekera kuthawa kapena kulimbana, analemba mu 1942 za anthu a ku Australia, New Zealand, South America ndi ku Africa kuno amene ankafa atauzidwa kuti alodzedwa. Umboni wake wambiri unali wa m'makalata a apaulendo ndi amishoni, ndipo si wonse umene ndingauikire kumbuyo. Koma mfundo yake, yakuti mantha osatha amatha kuyendetsa minyewa ya ngozi mpaka thupi kudzipweteka lokha, yatsimikizika pa mitima ya ku Niigata ndi ya ku Johns Hopkins. Ndikaiganizira, maganizo anga sapita kwa azakhali. Mantha sanaphulitse mtsempha wawo, kathumbako kanalipo kale. Maganizo anga amapita kwa gogo wonamiziridwa uja, mayi wopitirira msinkhu wobereka, wogona yekha m'nyumba usiku akumva anyamata akudutsa panja. Ndi anthu a mtundu wake amene mtima wa takotsubo umawagwira kwambiri. Ngati panali wina amene mawu a anthu akanatha kumuimitsa mtima m'mudzi muja, anali iyeyo.

Azakhali anatuluka m'chipatala ali moyo. Atawaunikanso patapita milungu, mbali yaulesi ija ya mtima inali itayambanso kugwira ntchito, ndipo kagundidwe kanali kabwino. Ubongo ndiwo unachedwa. Amatopa msanga, amaiwala pamene aika zinthu, phokoso la ana limawasowetsa mtendere. Kathumba kaja sikanatsekedwe. Njira zake zilipo, kukapana ndi kachitsulo monga anayambira Walter Dandy mu 1937, kapena kukadzaza ndi timawaya ta platinamu todzera mumtsempha, njira ya Guido Guglielmi ya kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, koma ndalama za ulendo wotero banja lathu linalibe. Ngozi yoti kaphulikenso imakhala yaikulu m'masiku ndi milungu yoyamba, imachepa pakatha miyezi 6, koma siitheratu.

Nditawaperekeza kumudzi, ndinatenga chithunzi cha CT chija n'kupita nacho kwa amfumu. Pabwalo ndinachikweza padzuwa, n'kuonetsa anthu pamene panali magazi. Ena anagwedeza mutu kuvomera, ena anati hamala ya afiti ndi mmene imaphulitsira mitsempha. Chithunzi sichikanatha kuwayankha amenewo. Anawayankha ndi azakhali eni ake, atakhala pamkeka, mawu akutuluka pang'onopang'ono.

"Aphunzitsi, za mtsempha zanuzo ndamva. Koma ine chimene ndinamva ndi kumenyedwa, musandiuze kuti sindinamve."

"Munamvadi, azakhali. Sindikukana."

"Ndiye mverani nonse. Ndinacheuka, ndinayang'ana, sindinaone munthu. Amene sindinamuone sindingamutchule. Mayi uja musiyeni."

Amfumu anatseka nkhaniyo pomwepo, ngakhale kuti pali mabanja amene mpaka pano sapereka moni kwa gogoyo.

Zinthu zimene zimafooketsa khoma la mtsempha n'zodziwika: BP yokwera, fodya, mowa wambiri, ndi mtundu, pakuti amene mbale wake wa bere limodzi anadwalapo nthendayi ali pangozi yokulirapo kuposa anthu ena. Kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo ndi bungwe la WHO wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi Mmalawi mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. Azakhali ankadziwa, koma mapiritsi ankamwa mutu ukawawa basi. Pano amamwa tsiku ndi tsiku, mdzukulu uja ndiye amawakumbutsa.

Amene ndimagona ndikumuganizira ndi bambo anga, mlongo wawo wa azakhaliwo, amene apichira fodya kuyambira ali mnyamata. Ndinawanyengerera mpaka anavomera kukayezetsa, ndipo BP inapezeka yokwera. Mapiritsi analandira ndipo akumwa. Za fodya tikukanganabe. Amandiyankha kuti agogo anu anasuta mpaka kukalamba, ine ndimawayankha kuti mlongo wanu anagwa pamjigo, ndipo ndikapitanso kumudzi mwezi wamawa tikayambira pomwepo.